Mpweya Wofunda M'chipinda cha Opaleshoni

Mau kwa aphunzitsi

Nkhani iyi yakonzedwera ana a magiredi apamwamba a sukulu za pulayimale. Isanayambe, konzani kalilole kapena galasi loyera, mabotolo awiri ofanana odzaza madzi, kansalu, mbale ya madzi ndi chibaluni chimodzi. Lembani pa bolodi mau awa: nthunzi, chinyezi, carbon dioxide, khansa, opaleshoni.

Nkhani

Ndikhulupirira kuti mwakhala chete ndipo makutu anu ali tcheru, pakuti lero tiloŵa ndi maganizo athu m'chipinda chimene anthu ambiri amaloŵamo ali mtulo, ndicho chipinda cha opaleshoni.

Koma tiyambire panja. Kumbukirani m'maŵa wina wa mwezi wa June kapena July pamene munali kupita kusukulu, kaya ku Chelstone, ku Kabwata, ku Woodlands kapena ku Kabulonga. Mzinda wathu wa Lusaka uli pamalo okwera, pafupifupi mamita 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nchifukwa chake chisanu cha miyezi imeneyi chimaluma zala. Pamene munali kulankhula ndi mnzanu, kodi simunaone kautsi koyera kakutuluka m'kamwa mwake? Kautsi kameneka si utsi wa moto ayi, koma nthunzi ya madzi.

Tsopano mmodzi wa inu atenge kalilole amene aphunzitsi akonza. Amuyandikize pakamwa ndi kuuzirapo mpweya pang'onopang'ono. Mwaona chiyani? Kalilole wachita chifunga. Mukamkhudza ndi chala mupeza kuti wanyowa. Izi zitiphunzitsa kuti mpweya wotuluka m'thupi mwathu ndi wofunda ndiponso uli ndi madzi. Pamene tipuma, mphuno ndi m'mero zimafunditsa mpweya ndi kuupatsa chinyezi usanafike m'mapapo, kotero kuti mapapo salandira mphepo yozizira ndi youma monga ili kunja. Kutentha kwa m'kati mwa thupi la munthu wamoyo bwino kumakhala pafupifupi madigiri 37, kaya ndi nthaŵi ya chisanu kapena ya dzuŵa la October.

Funso lathu la lero ndi ili: nanga mpweya ukaloŵa m'thupi osadzera m'mphuno, adzaufunditsa ndani? Mwina mukudabwa kuti zimenezi zingachitike bwanji. Zimachitika pa opaleshoni ya m'mimba, ndipo ife tidzazionera pa opaleshoni ya khansa ya m'matumbo.

Chakudya chimene timadya chimayenda ulendo wautali. Chikachoka m'chifu chimaloŵa m'matumbo aang'ono, amene pa munthu wamkulu amatalika pafupifupi mamita 6. M'menemo thupi limatengamo zofunika zake. Zotsala zimapitirira m'matumbo aakulu, otalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, amene ntchito yake ndi kuyamwa madzi ndi kusunga zotsalazo kufikira munthu atapita kuchimbudzi. Thupi lonse linamangidwa ndi tizigawo tating'ono kwambiri totchedwa maselo. Maselo amabadwa, amagwira ntchito yake, amafa, ndipo ena amaloŵa m'malo mwake mwadongosolo. Koma nthaŵi zina maselo ena amataya mwambo, nayamba kuchulukana mosalekeza mpaka kupanga chotupa. Chotupa chotere chikayamba kuloŵerera ziŵalo zoyandikana nacho ndi kufalikira kwina, timati ndi khansa. Khansa ya m'matumbo aakulu ndi yachitatu mwa makhansa opezeka kaŵirikaŵiri pa dziko lonse. M'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 1.9 miliyoni anapezeka nayo. Si nthenda yopatsirana, ndipo ikapezeka msanga madokotala angathe kudula chigawo cha thumbo chimene chadwala, kulumikiza mbali ziŵiri zotsalazo, munthu nkuchira.

Kuno ku Lusaka odwala otere amatumizidwa ku zipatala zazikulu. Ana a ku Kabwata ndi ku Woodlands mumachidziŵa chipatala cha University Teaching Hospital, chimene tonse timangoti UTH, pa msewu wa Nationalist. Pafupi nacho pali Cancer Diseases Hospital, chipatala cha matenda a khansa, chimene Pulezidenti Levy Mwanawasa anatsegula m'chaka cha 2007. Chisanamangidwe, odwala ofunika chithandizo cha kuwotcha khansa ndi makina anali kutumizidwa ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Ana a ku Chelstone, popita m'tauni pa msewu wa Great East, mumadutsa chipatala china chachikulu chotchedwa dzina la Levy Mwanawasa, chimene chinatsegulidwa mu 2011.

Pali njira ziŵiri zochitira opaleshoni ya m'matumbo. Yoyamba ndi yakale ija yong'amba mimba bala lalitali kuti dokotala aone ndi maso ndi kugwira ndi manja. Yachiŵiri ndi ya timaboŵo. Dokotala amaboola timaboŵo tingapo pamimba, kalikonse kakulidwe kake pafupifupi sentimita imodzi. Pa kaboŵo kamodzi amaloŵetsa kapaipi kokhala ndi nyali ndi kamera, ndipo pa tina amaloŵetsa zipangizo zazitali zopanira ndi zodulira. Amagwira ntchito akuyang'ana chithunzi pa galasi longa la wailesi yakanema. Pomaliza amacheka bala lalifupi lotulutsira thumbo lodulidwa lija. Njira imeneyi imatchedwa laparoscopy. Ubwino wake ndi wakuti mabala amakhala aang'ono, ululu umachepa, ndipo wodwala amadzuka ndi kubwerera kwawo msanga.

Njirayi sinayambe dzulo. Mu 1901 dokotala wa ku Dresden m'dziko la Germany, Georg Kelling, anasuzumira m'mimba mwa galu ndi kapaipi, atapoperamo mpweya. Mu 1910 Hans Christian Jacobaeus wa ku Stockholm anachita zimenezi pa anthu. Mu 1980 Kurt Semm wa ku Kiel anachotsa kathumbo ka apendikisi mwa njira imeneyi, ndipo pofika 1991 madokotala a ku America anayamba kudula nayo matumbo aakulu.

Tsono pali vuto limodzi. M'mimba mulibe malo opanda kanthu, pakuti ziŵalo zonse zimakhala zothithikana monga zovala m'sutikesi yodzaza. Kamera ikaloŵa siingaone kanthu. Aphunzitsi, onetsani ana chibaluni chosafufuma, kenaka muchiuzire. Mwaona kuti m'kati mwake tsopano mwapezeka malo? Madokotala amachita chimodzimodzi. Amapopera mpweya m'mimba mwa wodwala kuti khoma la mimba likwere ngati denga, pansi pake papezeke malo ogwirirapo ntchito.

Mpweya umene amagwiritsa ntchito ndi carbon dioxide. Mumaudziŵa kale, ngakhale simunauonepo ndi maso. Ndi womwe uja umachita thovu mukatsegula botolo la chakumwa chozizira, ndiponso ndi umene umafufumitsa buledi ndi zitumbuwa zothira isiti. Dokotala wa ku Switzerland, Richard Zollikofer, ndiye analangiza mu 1924 kuti azigwiritsa ntchito mpweya umenewu. Zifukwa zake ndi zomveka. Choyamba, carbon dioxide sayatsa moto, ndipo zimenezi nzofunika chifukwa madokotala amadula ndi kutseka mitsempha ya magazi ndi zipangizo zamagetsi zotentha. Chachiŵiri, amasungunuka msanga m'magazi, kotero wotsala m'mimba amatengedwa ndi magazi kupita kumapapo, munthu nkumupumira kunja monga achitira masiku onse.

Koma mpweya umenewu umasungidwa m'zibotolo zachitsulo, ndipo umafika kwa wodwala uli ndi zilema ziŵiri. Ndi wozizira, pakuti kutentha kwake kumangofanana ndi kwa chipinda, madigiri 20 kapena 21, pamene m'mimba muli madigiri 37. Ndiponso ndi wouma kotheratu, wopanda chinyezi nkamodzi komwe. Chilema chachiŵirichi ndicho chachikulu, ndipo kuti tichimvetse tichite kafukufuku wathu.

Aliyense anyowetse chala chimodzi m'mbale ya madzi, china achisiye chouma. Tsopano gwedezani dzanja m'mwamba. Ndi chala chiti chikumva kuzizira? Ndi chonyowa chija. Madzi akamasanduka nthunzi amafuna kutentha, ndipo kutenthako amakutenga pa chinthu chimene akhalapo. Nchifukwa chake thukuta limaziziritsa thupi. Nchifukwa chakenso madzi a mu mtsuko wadothi wa agogo amazizira bwino kuposa a mu chigubu cha pulasitiki: timadzi tochepa timatulukira pa dothi, ndipo pouma timachotsa kutentha kwa madzi a m'kati. Phunziro likatha, kulungani botolo limodzi ndi kansalu konyowa, lina mulisiye, muike onse aŵiri pamthunzi podutsa mphepo. Pakapita ola limodzi mudzakhudze madzi ake.

Tsono m'kati mwa mimba ndi monyowa. Amene munaonapo akulu akutumbula mbuzi kapena nkhuku mukumbukira kachikopa kopyapyala, koterera ndi konyezimira, kamene kamakuta matumbo ndi khoma la mimba. Munthu nayenso ali nako, ndipo madokotala amakatcha peritoneum. Kutati katambasulidwe, kukula kwake kungayandikire khungu lonse la munthuyo. Ntchito yake ndi kuchititsa kuti matumbo azitererana bwino popanda kumatirirana. Opaleshoni ya khansa ya m'matumbo imatenga maola aŵiri, atatu kapena kuposa, ndipo pa nthaŵi yonseyo mpweya wina umapulumuka pa timaboŵo, wina umatulutsidwa dala pamodzi ndi utsi wa zipangizo zodulira, makina nkumapoperamo watsopano. Motero malita ambirimbiri a mpweya wouma amadutsa pa kachikopa konyowa kaja. Chimene chinachitika pa chala chanu ndicho chimachitikanso m'mimbamo: madzi amauma, kutentha kumachoka.

Mwina wina anene kuti, kodi munthu akazizidwa pang'ono pali kanthu? Si tonse timazizidwa mu June? Kusiyana kwake ndi uku. Inu mukamva chisanu mumavala juzi, mumathamanga, mumaothera mbaula, ndipo thupi limanjenjemera kuti lidzipangire kutentha. Munthu wogonekedwa ndi mankhwala sangachite chilichonse mwa zimenezi. Kuwonjezera apo, mankhwala ogonetsa amatakasa mitsempha ya magazi ya pakhungu, kotero magazi ofunda a m'kati amathamangira m'manja ndi m'miyendo mozizira. Mu ola loyamba lokha kutentha kwa m'kati kungatsike ndi digiri imodzi kapena kuposerapo. Kukatsika kufika pansi pa madigiri 36, madokotala amati wodwala wazizidwa mopitirira. Pamenepo magazi amachedwa kuundana ndipo wodwala amataya magazi ambiri. Mankhwala ogonetsa amachedwa kutha m'thupi. Mtima umagwira ntchito movutika. Asilikali a m'magazi, amene amalimbana ndi majeremusi, amafooka, ndipo bala limatha kuchita mafinya.

Umboni wa zimenezi unapezeka pa odwala matumbo enieniwo. Mu 1996 madokotala atatu, Andrea Kurz, Daniel Sessler ndi Rainer Lenhardt, anafalitsa zimene anapeza pa odwala 200 amene anachitidwa opaleshoni ya matumbo aakulu m'dziko la Austria. Odwala 104 anafunditsidwa mwapadera ndipo kutentha kwawo kunali pafupifupi madigiri 36.6. Ena 96 anasamalidwa monga mwa chizoloŵezi cha masiku amenewo, ndipo kutentha kwawo kunatsikira pa madigiri 34.7. Mwa ofunditsidwa aja, 6 okha ndiwo mabala awo anachita mafinya. Mwa ozizidwa aja anali 18. Taonani ana, kusiyana kwa madigiri aŵiri okha kunachulukitsa mabala ovunda katatu, ndipo ozizidwawo anakhalitsanso m'chipatala masiku oposa aŵiri kuyerekeza ndi anzawo.

Chifukwa cha maphunziro otere, akatswiri anaganiza zopangira mpweya wa opaleshoni mphuno yakeyake. Anakonza kamakina kamene kamaikidwa pakati pa chopopera mpweya ndi wodwala. M'kati mwake muli kambale ka madzi oyera opanda majeremusi, ndipo pansi pake pali chotenthetsera chamagetsi. Mpweya umadutsa pamwamba pa madzi ofundawo, nutenga kutentha ndi nthunzi, monga mphepo yodutsa pa mphika wa madzi osamba. Paipi yopita kwa wodwala nayonso imatenthetsedwa kuti nthunzi isasanduke mame panjira. Mpweya umafika m'mimba uli pa madigiri 37 ndiponso wodzala ndi chinyezi, kotero sulandanso madzi a m'thupi. Ena mwa makina otere amapangidwa ndi kampani ya Fisher & Paykel Healthcare ya ku Auckland m'dziko la New Zealand.

Mwina mufunse kuti, bwanji osangoutenthetsa mpweyawo, za madzi nkuzisiya? Ganizani za zovala zimene amayi amayanika. Kodi zimauma msanga liti, tsiku la mvula yamvumbi kapena masana a October pamene kukuwomba mphepo yotentha ndi youma? Mpweya wotentha koma wouma umamwa madzi ambiri koposa. Choncho kufunditsa ndi kunyowetsa ziyenera kuyendera pamodzi.

Njira imeneyi imagwiranso ntchito pa opaleshoni yong'amba mimba. Carbon dioxide ndi wolemera kuposa mpweya wamba, kotero akamatsanuliridwa pang'onopang'ono m'bala lotseguka amakhazikika m'menemo monga madzi m'beseni, nafunda matumbo ngati bulangete losaoneka ndi maso.

Nanga makina ameneŵa amathandiza motani? Apa tiphunzire khalidwe la anthu a sayansi, pakuti iwo sakhulupirira chinthu chifukwa chakuti chikumveka bwino m'makutu, koma amachiyesa. Ofufuza a ku Melbourne m'dziko la Australia anayesa pa mbeŵa zoŵetedwa mu 2015. Anapeza kuti mpweya wozizira ndi wouma unawononga maselo a kachikopa ka m'mimba kaja, ndipo maselo a khansa anamera mosavuta pamalo owonongekawo, monga udzu umera msanga pa nthaka yogumuka. Mpweya wofunda ndi wonyowa unachepetsa zimenezi. Koma mbeŵa si munthu. Mu 2016 bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kusanthula zofufuza za madokotala, linaunika mafukufuku 22 okhudza odwala 1,428. Linapeza kuti mpweya wofunda ndi wonyowa unakweza kutentha kwa odwala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a digiri imodzi, koma silinapeze kusiyana kwenikweni pa masiku amene odwala anakhala m'chipatala. Tanthauzo lake ndi lakuti makinaŵa ndi mthandizi chabe, ndipo paokha sakwanira. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Nchifukwa chake dokotala wogonetsa odwala ndi anamwino a m'chipinda cha opaleshoni amasamala zinthu zambiri nthaŵi imodzi. Amayeza kutentha kwa wodwala asanayambe, ali pakati, ndiponso atamaliza. Amamfunda bwino pochoka ku wodi. Amafunditsa madzi a dripi ndi magazi asanaloŵe m'mitsempha. Kumene ziliko, amagwiritsa ntchito bulangete lapadera louziridwa mpweya wofunda ndi makina. Amavundukula malo okhawo amene dokotala akugwirapo ntchito. Zambiri mwa izi sizifuna ndalama zochuluka, koma maso atcheru ndi mtima wosamala. Ngati wachibale wanu akupita ku opaleshoni m'nyengo yachisanu, bulangete loyera ndi juzi zimene abale amamtengera ku wodi zili ndi ntchito yeniyeni.

Tsopano tibwerere kunyumba, pakuti dokotala, ngakhale akhale ndi makina abwino chotani, sangachize munthu amene sanabwere kuchipatala. Khansa ya m'matumbo ili ndi zizindikiro zake: magazi m'chimbudzi, kusintha kwa kachitidwe ka chimbudzi kwa milungu ingapo, monga kutsegula m'mimba kosinthana ndi kudzimbidwa, kupweteka kwa m'mimba kosatha, kuwonda popanda chifukwa, ndi kufooka kobwera ndi kuchepa kwa magazi. Zoonadi, magazi m'chimbudzi kaŵirikaŵiri amabwera ndi matenda ena monga kamwazi kapena nthenda ya mudzi. Koma wosiyanitsa matendaŵa ndi wachipatala, osati mnansi kapena wogulitsa mankhwala pamsika. Anthu ambiri amachita manyazi kutchula za chimbudzi, nabisa nthendayo miyezi yambiri mpaka itafalikira, ndipo pamenepo opaleshoni imavuta. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ulendo wake umayambira pa kiliniki yapafupi, monga ya ku Kabwata kapena ya ku Chelstone, ndipo a kumeneko ndiwo amalemba kalata yotumiza wodwala ku chipatala chachikulu. Inu ana simungalangize agogo kapena atate ngati kuti ndinu akulu anzawo, koma mungathe kuŵafotokozera mwaulemu zimene mwamva lero. Mau a mwana, onenedwa atagwada, apulumutsapo akulu.

Palinso zimene tingachite kuti nthendayi itichepere. Dokotala Denis Burkitt, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, anaona kuti khansa ya m'matumbo inali yosoŵa pakati pa anthu a m'midzi ya mu Africa poyerekeza ndi a ku Ulaya. Mu 1971 analemba kuti chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakudya chokhala ndi gaga ndi masamba ambiri. Ofufuza a pambuyo pake anatsimikiza kuti zakudya zotere zimateteza matumbo. Choncho musanyoze nsima ya mgaiwa, nyemba, nsawawa, chibwabwa, bonongwe, mbatata ndi zipatso zimene amayi amagula ku msika wa Soweto. Mu 2015 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linalengeza kuti nyama zokonzedwa m'mafakitale, monga soseji ndi poloni, zimawonjezera ngozi ya khansa imeneyi zikamadyedwa kaŵirikaŵiri. Fodya, moŵa, kunenepa kwambiri ndi kukhala osagwiritsa ntchito thupi zimateronso.

Maŵa m'maŵa, popita kusukulu, uzirani mpweya m'manja mwanu ndipo mumve kufunda kwake ndi kunyowa kwake. Mukumbukire kuti akatswiri anatha zaka zambiri akuyesa kupanga makina ochita zimene mphuno yanu imachita pa kupuma kulikonse. Mwina pakati pa inu amene mukumvetsera pali namwino, dokotala kapena wokonza makina a chipatala wa m'tsogolo. Tsalani bwino ana, tsalani bwino aphunzitsi, mpaka tidzakumanenso m'phunziro lotsatira.

Mafunso ndi zochita

1. Kodi mphuno imauchita zinthu ziŵiri ziti mpweya umene timapuma?
2. Chifukwa chiyani madokotala amapopera mpweya m'mimba pa opaleshoni ya timaboŵo?
3. Tchulani zifukwa ziŵiri zimene anasankhira carbon dioxide.
4. Fotokozani chifukwa chake madzi a mu mtsuko wadothi amazizira.
5. Pa odwala 200 a ku Austria, onse amene mabala awo anachita mafinya anali angati? Ndi gulu liti linali ndi ambiri?
6. Jambulani m'makope mwanu njira ya chakudya kuchokera m'kamwa mpaka m'matumbo aakulu.
7. Lembani zimene mwapeza pa mabotolo aŵiri aja, ndipo mukafotokozere makolo anu madzulo.